Mlendo Akhute, Nyanja Itsale: Za Ana Athu Ophunzira Zamahotela ku Mzuzu

Mwana akalandira kalata yomuitana kukaphunzira ntchito ya m'mahotela ku Mzuzu, mafunso amene makolo a kunyanja amafunsa timawadziwa, ndipo sasintha kuchokera kwa Makanjira mpaka ku Nkhotakota. Kodi sadzakugwiritsa botolo la mowa? Nanga nyama ya nkhumba, ukaikana sadzakuchotsa ntchito? Swala ya Ijumaa adzakulola? Akakhala mwana wamkazi, funso la mpango wa kumutu limabwera la mowa lisanayankhidwe n'komwe. Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo kholo losafunsa limakhala lataya udindo wake. Koma pali funso lina limene silimveka kawirikawiri pa mkeka wotsanzikana, chonsecho Qur'an yolemekezeka yalibwereza m'malo ambiri: kodi madzi, nkhuni, nsomba ndi chakudya zimene zizidutsa m'manja mwako tsiku ndi tsiku uzizisunga bwanji?

Tikufunsa chonchi chifukwa hotela ndi nyumba yodya kwambiri kuposa nyumba ina iliyonse. Banja la kumudzi limatunga ndowa zowerengeka pa tsiku, ndipo mayi wa pakhomo amadziwa kumene ndowa iliyonse yapita. Hotela imachapa zofunda ndi matawelo m'mawa uliwonse, imatsuka mbale mazanamazana, imathirira kapinga m'chilimwe, imatenthetsa madzi osamba usiku ndi usana, ndipo dzuwa likamalowa imatulutsa migolo ya zotsala. Amene amatsegula ndi kutseka mipopi imeneyi, amene amalandira nsomba pa khomo la kuseri ndi kusaina kapepala, si mwini hotela ayi. Ndi ana athu omwewa akamaliza maphunziro.

Mzinda wa pamwamba pa nyanja

Mzuzu ndi mzinda wachichepere. Udayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, imene atsamunda ankalima pofuna mafuta ake, ndipo udalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 220,000. Yunivesite ya Mzuzu, imene ambiri amangoti Mzuni, idakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1997 ndipo idalandira ophunzira oyamba mu 1999 ku Luwinga, pa malo amene kale padali sukulu yosula aphunzitsi. Pa yunivesiteyi pali gawo lophunzitsa ntchito zokopa alendo ndi kayendetsedwe ka mahotela, ndipo pa bwalo lomwelo pali ena amene akuphunzira za nkhalango, za usodzi ndi za madzi. Wophunzira kuyala tebulo ndi kuwerengera mtengo wa mbale ya ndiwo amadyera malo amodzi ndi mnzake wophunzira za kuswana kwa chambo. Ana athu ena amadzera ku Malawi Institute of Tourism ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja, koma onsewo mathero ake ndi amodzi: khitchini, chipinda cha alendo ndi nkhokwe ya katundu.

Mwana wa ku Mangochi akafika ku Mzuzu mwezi wa Juni amadabwa ndi chisanu ndi nkhungu ya m'mawa, nayamba kuganiza kuti nyanja waisiya kutali. Sanaisiye ayi. Madzi amene amamwa mumzindawu amachokera makamaka ku damu la Lunyangwa, limene limadalira mitengo ya m'nkhalango zozungulira monga ya Kaning'ina, ndipo bungwe la Northern Region Water Board lakhala likudandaula kwa zaka zambiri za anthu odula mitengo ndi kutentha makala kumeneko. Mtsinje wa Lunyangwa ukadutsa mumzinda umakathira mu Kasitu, Kasitu amakathira mu South Rukuru, ndipo South Rukuru amakalowa m'nyanja m'boma la Rumphi. Ndiye kuti mafuta okazingira amene atayidwa m'ngalande ku Mzuzu ali pa ulendo wopita kumene bambo ake a mwanayo amaponya matchera. Kumbali inayi, Nkhata Bay ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, ndipo nsomba zambiri zodyedwa mumzindawu zimakwera phiri kuchokera kumeneko.

Muyeso wa Mtumiki pa mpopi wa hotela

Tiyambe ndi madzi, pakuti ndiwo Msilamu amayamba nawo tsiku lake. Swahaba Anas bin Malik (R.A.), amene adatumikira Mtumiki Muhammad (S.A.W.) zaka khumi, adasimba kuti Mtumiki ankachita udhu ndi madzi a muyeso wa mudd umodzi, ndipo ankasamba thupi lonse ndi swaa imodzi kapena kuonjezerapo pang'ono. Hadith imeneyi ili mwa Bukhari ndi Muslim. Mudd ndi madzi odzaza manja awiri ophatikiza a munthu wamkulu, osafika ngakhale lita imodzi, ndipo swaa ndi ma mudd anayi. Choncho madzi osamba a Mtumiki sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a ndowa yathu ya malita 20. Tizindikirenso kuti amene adatisungira muyeso umenewu adali wantchito wa pakhomo, mnyamata wonyamula madzi. Wantchito ndiye amaona zimene mlendo ndi mwini nyumba saona.

Palinso nkhani ya Sa'd (R.A.), yopezeka mwa Ibn Majah ndi Ahmad, imene imatiuza kuti Mtumiki adamupeza akuthira madzi ochuluka pochita udhu, namudzudzula, namuuza kuti kuononga kumakhalapo ndithu ngakhale munthu atakhala m'mbali mwa mtsinje umene ukuyenda. Akatswiri ena a hadith adakambirana za mphamvu ya mzere wa oisimba, koma tanthauzo lake likugwirizana ndi zimene Anas adaona ndi maso. Ife a kunyanja nkhani imeneyi imatilasa kuposa ena, chifukwa tidakula tikuona madzi ngati chinthu chosatha. Ngati kuononga nkoletsedwa pa udhu, umene ndi ibada, kuli bwanji potsuka poto?

Amene adalowapo m'khitchini ya malo ogona alendo adaonapo nkhuku zouma gwa ndi kuzizira zitaikidwa m'sinki, mpopi ukuthira pamwamba pake kwa ola lathunthu kuti zifewe, pamene zikadasamutsidwa dzulo lake kuchoka mufiriji yozizira kwambiri kupita mu ina yozizira pang'ono zikadafewa zokha popanda dontho. Adaonanso mnyamata akusesa khonde ndi paipi ya madzi, tsache lili poteropo, ndi thanki ya chimbudzi ikudontha mwakachetechete m'chipinda chimene simunagone munthu sabata yathunthu. Ena amati mlendo walipira, asambe m'mene akufunira. Zoona, ndipo palibe amene akuti mwana wathu akagogode pa bafa kukalalikira mlendo. Koma madzi ambiri a hotela satayikira m'bafa ya mlendo. Amatayikira kuseri, kumene mlendo safikako, ndipo kumeneko ndi kwa wantchito. Wophunzira amene akukayika aike ndowa pansi pa mpopi wodontha madzulo, akaione m'mawa akamapita ku Fajr.

Madzi ali ndi mbali inanso, ya ukhondo. Mtumiki adaletsa kukodza m'madzi oima amene anthu amasambamo, ndipo adachenjeza za kudzithandiza pa malo otunga madzi, pa njira ndi pa mthunzi pamene anthu amapumira. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 udatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay adalira kwambiri. Mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo amene adamangidwa pa mchenga penipeni. Amene adzayendetse malo otere mawa ayenera kudziwa kumene dzenje la chimbudzi lakumbidwa, ndi kumene madzi ake amapita nyanja ikadzaza, chifukwa pa dooko loyandikana nalo pali mayi amene akutunga madzi ophikira phala la mwana.

Kuolowa manja ndi kutaya si chinthu chimodzi

Pa nkhani ya chakudya tiyenera kuyenda mosamala, kuopa kuti tingaphunzitse ana athu kuumira m'dzina la dini. Chisilamu sichidana ndi tebulo lodzaza. Mneneri Ibrahim (A.S.) atafikiridwa ndi alendo amene sankawadziwa, sadafunse za malipiro kapena kuwerengera ndiwo, koma adathamangira kwa a pabanja pake nabweretsa mwana wa ng'ombe wonenepa wootcha, monga tikumvera mu Surah Hud ndi mu Surah Adh-Dhariyat. Mtumiki (S.A.W.) adamangiriza kulemekeza mlendo ku chikhulupiriro chenicheni mwa Allah ndi Tsiku Lomaliza. Makolo athu nawonso ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwana amene wasankha ntchito yolandira alendo wasankha ntchito ya ulemu, ndipo makolo asamuone ngati wapita kukataya dini.

Koma aya 31 ya Surah Al-A'raf, yomweyo imene ikutilola kudya ndi kumwa, ikuletsanso kupyola muyeso, ndipo ikutiuza kuti Allah (S.W.T.) sakonda anthu oononga. Kupyola muyeso kumeneku ndiko timati israf. Israf siyezedwa ndi kuchuluka kwa chimene mlendo wadya. Imayezedwa ndi chimene chalowa mu mgolo wa zinyalala. Mu Sahih Muslim tikumva kuti Mtumiki adalamula kuti nthongo ikagwa pansi munthu aitole, achotse dothi ndi kuidya, ndiponso kuti mbale ikombedwe, chifukwa munthu sadziwa mbali ya chakudya imene muli baraka. Tsono amene adaphunzitsidwa kutola nthongo imodzi angayang'ane bwanji beseni lathunthu la mpunga likukhuthulidwa osamva kanthu mumtima?

Mahotela a ku Mzuzu, monga a m'mizinda ina, amapeza ndalama zambiri kuchokera ku misonkhano ya mabungwe ndi maukwati. Tiyerekeze kuti bungwe lanena kuti kubwera anthu 60, koma kwabwera 40. Wophika wosasamala amaphikira 60 onse nthawi imodzi, naika chakudya chonse pa tebulo lodzigawira, ndipo chikakhala pamenepo maola angapo sichingabwererenso mufiriji. Wophika wanzeru amayamba watumiza mwana kukawerenga mitu m'chipinda cha msonkhano nthawi ya tiyi, amaphika mpunga m'magawo, amatulutsa ndiwo pang'onopang'ono m'mbale zazing'ono ndi kumaonjezera zikamatha. Mlendo amakhuta chimodzimodzi, mwinanso amadya zotentha bwino. Mitu ndi minga ya nsomba imapanga msuzi, buledi wa dzulo amalowa mu zophika zina, makoko a mbatata ndi masamba amapita ku dzenje la manyowa a dimba la hotela, ndipo m'nkhokwe thumba limene lidalowa koyamba ndilo limatuluka koyamba. Zonsezi aphunzitsi awo amaziphunzitsa kale m'kalasi ngati njira yochepetsera ndalama zotayika. Chimene mwana wa Chisilamu akuonjezera ndi niya: akuchita izi podziwa kuti chakudyacho ndi amana imene adzafunsidwe.

Nanga zotsala bwanji osangopatsa osauka? Ndi maganizo abwino, koma ali ndi malire ake. Chakudya chimene sichinakhudzidwe ndipo chasungidwa bwino chipite ndithu kwa antchito, kwa alonda, kwa osowa. Koma chimene chakhala pa mtetete tsiku lonse, ntchentche zikutera, si sadaka ayi, ndi matenda. Aya 267 ya Surah Al-Baqarah ikutiletsa kusankha choipa kuti tipereke, chimene ife eni sitingachilandire popanda kutsinzina. Njira yabwino ndi kusaphika chochuluka poyamba pomwe.

Pano tisaloze chala ku mahotela okha. Pa maukwati athu, pa sadaka ndi pa ziyala, madengu a mpunga wa Kilombero ndi Faya amatsala mpaka kusasa, chifukwa mwini mwambo amaopa kuti anthu amunena. M'mwezi wa Ramadhan, umene ndi wophunzitsa kudziletsa, ndi m'mene mabanja ena amataya futari yambiri kuposa miyezi ina. Mwana amene wakula akuona zimenezi sadzadabwa ndi mgolo wa ku hotela.

Khomo la kuseri

Nkhani yovuta kwenikweni kwa banja la kunyanja ndi ya nsomba, chifukwa apa wogulitsa ndi wogula akhoza kukhala a magazi amodzi. Mlendo aliyense wofika m'Malawi amafuna chambo, ndipo hotela yopanda chambo pa mndandanda wa zakudya imaoneka ngati yosakwanira. Koma chambo sichiswana ngati usipa. Chachimuna chimakumba chisa pa mchenga m'madzi osaya, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Khoka likakokedwa pa malo otero m'nyengo yoswana limafafaniza zisa, ndipo chambo chimodzi chogwidwa ndi ana m'kamwa ndi mbumba yathunthu imene yatha. Nchifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka m'nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, ndipo malamulo a usodzi amaletsa kugwira chambo chosafika masentimita 15. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo za padziko lonse, lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Nsodzi wachikulire safuna kaundula kuti adziwe zimenezi. Amakumbukira chimene khoka limodzi linkatulutsa ku Malombe m'zaka za m'ma 1980.

Tsono taganizani: ndi mwezi wa Disembala, alendo a tchuthi adzaza, ndipo pa khomo la kuseri pafika munthu ndi dengu la kasawala, kapena chambo chachikulu chodzaza mazira, pa mtengo wotsika. Nsomba imeneyo ndi halaal kudya, palibe shehe amene anganene kuti ndi nyamafu. Koma kodi njira imene yabwerera ndi yoyera? Yagwidwa mophwanya lamulo limene lidaikidwa poteteza chakudya cha anthu onse, mwinanso ndi neti ya udzudzu imene idaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo. Qur'an ikamatilamula za chakudya imaphatikiza mawu awiri, halaal ndi twayyib, chololedwa ndi chabwino. Tazolowera kufunsa za loyambalo, ndipo nthambi ya Halaal ya bungwe la Muslim Association of Malawi imatithandiza pa za kazingidwe ka nyama ndi zosakaniza m'zakudya. Lachiwirili lilibe chidindo. Limadalira mtima wa amene waima pa khomo ndi sikelo. Nsodzi sangaleke kukoka kasawala pamene akudziwa kuti pali khomo limene limagula, ndipo hotela imodzi imagula pa tsiku zimene mabanja ambiri amagula pa sabata.

Surah Ar-Rahman ikutiuza kuti Allah adakweza thambo naika mizan, ndiko kuti sikelo, ndipo ikutichenjeza kuti tisaipyole. Amene akufuna kuona sikelo imeneyi ikapendekeka apite ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park, malo amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Katswiri wa nsomba wa ku America, Jay Stauffer, pamodzi ndi anzake adapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa kumeneko chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka, ndipo matendawa adakula pakati pa ana a m'mudzi wa Chembe. Alendo nawonso adayamba kuchenjezana za kusamba m'nyanja. Nsomba imene munthu ankaiona ngati ndiwo chabe idali mlonda wa thanzi la mudzi ndi wa malonda a hotela. Aya 41 ya Surah Ar-Rum imakamba za chionongeko choonekera pa mtunda ndi panyanja chifukwa cha ntchito za manja a anthu, ndipo imati anthu amalawitsidwa zina mwa zotsatira zake kuti mwina abwerere.

Kutseka malo kuti chilengedwe chipume si nzeru ya azungu. Mtumiki (S.A.W.) adapatula dera la An-Naqi' pafupi ndi Madina kukhala hima, malo otetezedwa, ndipo Khalifa Umar (R.A.) adachita chimodzimodzi ku Ar-Rabadha. Kwathu konkuno, chilumba cha Mbenji m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima chimatsekedwa chaka ndi chaka kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo lamulo limeneli lidayamba m'zaka za m'ma 1950, osati ndi boma, koma ndi mfumu ndi anthu ake. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga. Chikatsegulidwa asodzi amakhamukirako kuchokera m'maboma ena kudzafuna utaka, ndipo akatswiri a ku Mzuni pamodzi ndi a yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland adachitapo kafukufuku wa mbiri yake. Wophika amene amadziwa zimenezi sachita manyazi kuuza mlendo kuti mwezi uno chambo cha m'nyanja chikuswana, ndipo lero pali kampango, mcheni kapena nsomba yoweta m'damu. Alendo ambiri amalemekeza yankho lotere kuposa m'mene mabwana amaganizira.

Makala ndi majumbo

Za mitengo sitichulukitsa, chifukwa aliyense wolowa mu Mzuzu m'mawa amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala. Chifukwa cha kuzizira, malo ambiri ogona alendo amatenthetsa madzi mu migolo ya nkhuni, ndipo magetsi akazima khitchini imabwerera ku mbaula. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, imene idadzalidwa mwamphamvu kuyambira m'zaka za m'ma 1960, idadulidwa ndi kupsa mbali yaikulu. Mu 2020 lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa pa nkhani ya makala opanda chilolezo. Khalifa Abu Bakr (R.A.) potumiza asilikali ku Shaam adawaletsa kudula mitengo yobala zipatso, ndipo imeneyo idali nthawi ya nkhondo. Mtumiki adatiuza kuti mtengo umene Msilamu wadzala, munthu, mbalame kapena nyama ikadyako, kwa iye ndi sadaka. Wophunzira wathu sangathetse kuzima kwa magetsi, koma angathe kufunsa kumene thumba la makala lachokera, kuvindikira poto, kuumitsa nkhuni zisanalowe pa moto, ndi kuzimitsa mgolo pamene alendo onse asamba. Ku Nkhata Bay bungwe la Ripple Africa lidafalitsa mbaula ya dothi yotchedwa Changu Changu Moto, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Mabanja a kumudzi adaiphunzira, ndiye khitchini ya anthu a madigiri ingalephere bwanji?

Majumbo nawonso ali ndi mbiri yawo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani adathamangira ku khoti, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagamula mokomera chiletsocho mu Julayi 2019. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene adali patsogolo pa nkhondo imeneyi, adalandira mphoto ya Goldman mu 2021, koma milandu idapitirirabe mpaka khoti lidatsegulanso njira ya chiletsocho mu 2025. Amene amazinga mbuzi pa Eid ya nsembe amadziwa zimene nthawi zina amapeza m'chifu. Hotela imene imagawira aliyense wa pa msonkhano mabotolo a madzi kangapo pa tsiku, pamene ikadaika jagi ya madzi otetezedwa bwino ndi matambula, iyenera kufunsidwa kumene mabotolowo amakathera.

Mwana wopanda mphamvu achite chiyani?

Tikudziwa chimene ana athu anganene powerenga izi. Wophunzira akatumizidwa kukayesera ntchito ku hotela amakhala wotsika kuposa onse. Amasenda anyezi, amakolopa, ndipo lipoti limene bwana wa m'khitchini adzalembe ndilo lidzamupatse kapena kumumana digiri. Kumuuza mwana wotere kuti akatsutse bwana pa za kasawala ndi kumutuma nkhondo imene ife tili kunyumba. Chisilamu sichisenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Hadith yodziwika ya mwa Muslim imaika masitepe atatu osinthira choipa: ndi dzanja, ndi lilime, ndipo zikakanika, ndi mtima. Dzanja la wophunzira limafika pa mpopi wake, pa mpeni wake, pa muyeso wa mpunga umene wapatsidwa kuti atsuke. Pamenepo alibe chowiringula.

Za lilime, nzeru ndi kulankhula chinenero chimene bwana amamva. Manijala amene si Msilamu sangasunthike ndi mawu akuti israf, koma bilu ya madzi amaimva, ndipo amamvanso akauzidwa kuti sabata ino makilogalamu akutiakuti a mpunga apita ku mgolo. Wophunzira amene wapempha chilolezo choyeza zotsala pa sikelo kwa sabata imodzi ndi kulemba m'kope, wachita ntchito ya kalasi, wathandiza hotela, ndipo wachita ibada, zonse nthawi imodzi popanda kukangana ndi munthu. Anzake a zipembedzo zina adzagwirizana naye, pakuti nyanja ndi ya tonse. Ndipo asaiwale kuti sadzakhala wosenda anyezi mpaka kale. Pakatha zaka zingapo ndiye adzakhale wosaina kapepala pa khomo la kuseri, ndipo chizolowezi chimene adzakhale nacho tsiku limenelo ndi chimene akuchiumba lero. Kuongola mtengo mpoyamba.

Zimene anzathu a ku Pemba adachita

Pa chilumba cha Misali, kufupi ndi Pemba ku Zanzibar, asodzi ankaphulitsa mabomba m'madzi pofuna nsomba, ndipo malamulo a boma sankawaletsa kanthu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la CARE International pamodzi ndi la IFEES, limene Fazlun Khalid adayambitsa ku Birmingham, adakhala pansi ndi mashehe, aphunzitsi a madrasa ndi asodzi eni ake, nawerenga limodzi zimene Qur'an ikunena za munthu ngati khalifa, wosungira Mwini wake dziko. Asodzi ambiri amene ankanyozera lamulo la boma adaleka mabomba atamva kuti nkhaniyi ndi ya pakati pa iwo ndi Mlengi wawo. Pambuyo pake padatuluka kabuku kothandiza aphunzitsi m'Chiswahili. Kuchokera nthawi imeneyo akuluakulu a Chisilamu a m'maiko ambiri adasaina chikalata cha za kusintha kwa nyengo ku Istanbul mu Ogasiti 2015, ndipo mu Febuluwale 2024 chikalata china chachikulu chotchedwa Al-Mizan chidakhazikitsidwa ku Nairobi.

Zikalata zimenezi zidalembedwa m'zinenero za kutali, ndipo sizingafike zokha pa dooko la ku Chipoka kapena m'khitchini ya ku Katoto. Chimene chidagwira ntchito ku Misali ndi kukhala pansi kwa anthu amene sankakhalira limodzi. Tikupempha ophunzira a Chisilamu a ku Mzuni ndi m'masukulu ena a mumzindawu kuti ayambe ndi iwo: aitane shehe wa mzikiti wawo, mphunzitsi mmodzi wa za usodzi, wophika wachikulire wa hotela, ndi wapampando wa komiti ya asodzi ya m'mudzi wa kunyanja, akambirane tsiku limodzi Novembala asanafike za nsomba zoyenera kugula ndi zoyenera kubweza. Zimene agwirizane azilembe m'Chichewa ndi m'Chiyao pa tsamba limodzi loti lingapachikidwe pa khoma la khitchini ndi pa khomo la madrasa. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, mbande zawo zikadzalidwe ku mbali ya Lunyangwa, kumene madzi a udhu wawo amachokera. Mizikiti mu Mzuzu ilipo, aphunzitsi ali pa bwalo lomwelo, ndipo minibasi ya ku Nkhata Bay imatenga ola limodzi.